Akupita, Alamu

Kwathu kuno ku Bembeke magetsi sitiwatchula dzina. Akazima timangoti, "Apita." Akayaka, ana amakuwa kuchokera khomo ili kufika khomo ilo, "Abweraaa!" ngati akulonjera mlendo wochokera ku Joni. Aliyense amadziwa amene akunenedwa. Ine ndakula ndikumva choncho, ndipo sindinkaonapo chachilendo mpaka chaka chimene anamwalira mayi anga aakulu, a Magadalena.

Amuna awo ndi a Bartholomew, koma dzinali limavuta pakamwa, ndiye tonse timati a Bato. Kwawo ndi ku Mphunzi. Anabwera kuno ngati mkamwini ine ndisanabadwe, ndipo anamanga nyumba ya njerwa zootcha kumtunda kwa nyumba yathu. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyankhula motsitsa. Amalima mbatatesi ndi kabichi, ndipo pa Misa amakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pamaondo. Mphatso ya mwana sanaione. Kale anthu ankanena zambiri za nkhaniyi, kenako anatopa nayo. Awiriwo anangokhala, kukangana za mchere wa m'ndiwo ndi za nkhuku zolowa m'nyumba, mpaka imvi zinawapeza.

A Magadalena anadwala chifuwa chachikulu ali mtsikana. Anachira, koma mapapo awo anatsala ndi zipsera, ndipo atakula mpweya unayamba kuwaperewera. Poyamba ankapumira kawiri pokwera kuchokera kudimba. Kenako ankapumira pochokera kukhitchini. Pomaliza masisitere a kuchipatala anawabwereka makina a mpweya, chibokosi chotuwa cha mateyala, chokhala ndi kapaipi kopita kumphuno. Makinawo ankafuna magetsi usana ndi usiku. Magetsi athu nawo ali ndi maulendo awo. Akangopita, makina ankalira kamodzi mokweza n'kukhala chete, ndipo milomo ya mayi aakulu inkayamba kuda.

Ndiye a Bato anagulitsa nkhumba zawo zonse n'kukagula jenereta ku boma la Dedza. Inali yaing'ono, yofiira, yoti munthu mmodzi angathe kuinyamula atakukuta mano. Tsiku loyamba anaiika pakhonde, pansi pa windo la kuchipinda, kuti chingwe chifike msanga. Namwino amene ankabwera kudzaona wodwala anaipeza pamenepo, ndipo anaima manja ali m'chiuno.

"Bambo, mukufuna kuwachiza mayiwa kapena kuwatsiriza?"

"Ndalakwa chiyani, adona?"

"Utsi wa chinthu ichi umapha munthu osamudzutsa. M'nyumba ayi, pakhonde ayi, pansi pa windo ayi. Kutali, poti mphepo izidutsa."

A Bato samva chinthu mwatheka. Anapita kutali ndithu, kuseri kwa khola la nkhumba lopanda kanthu lija, pansi pa mitengo ya mapichesi, n'kumanga kashedi ka mapaso ndi lata limodzi, kotsekuka mbali zonse. Kuchokera kumeneko anakoka chingwe chakuda chachitali, chodutsa pabwalo n'kulowera pawindo. Magetsi akapita, wina amene ali m'nyumba ankakuwa, a Bato n'kuthamangira kukashedi, wam'nyumbayo n'kuzula pulagi ya makina pakhoma n'kuilumikiza ku chingwe chakuda chija. Nthawi zambiri wokuwayo anali amayi anga, a Jestina, mng'ono wawo wa wodwala, chifukwa ndiwo ankakhala nawo masana.

Jenereta ija inali ndi makhalidwe ake. Kukazizira inkakana, ndipo kuno kumazizira. Inkafuna choko, kachitsulo kothandiza kuiliza, koma ukachedwa kubweza choko inkatsamwa n'kuzima. Nthawi zina inkangotsika mawu yokha popanda chifukwa. N'chifukwa chake a Bato akailiza sankachokapo. Ankanjuta pambali pake, dzanja lili pa thanki, kumvetsera kupuma kwake mpaka magetsi atabwera. M'nyengo imene petulo anasowa, kumalo ogulitsira mafuta ankakana zigubu. A Bato anaimangirira jenereta yonseyo pakaliya wa njinga, n'kukaima nayo pamzere pakati pa magalimoto. Anabwerako dzuwa litapendeka, akukankha njinga, nkhope itatuwa ndi fumbi.

A Magadalena ankaitcha mkazi mnzawo.

"Jestina, taona mwamuna uyu," ankatero, mawu akuduka pakati. "Ine anandikwatira kalekale, sanandinyamulepo panjinga kupita ku Dedza. Koma uyu wofiirayu, ulendo ndi ulendo."

"Mitala ku Katolika, alamu? Tikakunenezani kwa abambo mfumu."

"Ameneyu sadya ndiwo," a Bato ankayankha, akupukuta manja pa buluku. "Komanso ndikamuuza kuti akhale chete amakhala chete."

"Mwamva? Pitani kwa mkazi wanuyo, wayamba kutsokomola."

Ankaseka mpaka chifuwa chitawagwira, a Bato n'kuwakhazika tsonga, kuwasisita pamsana.

Tsiku limenelo linali la mu Juni, masana, koma nkhungu inali isanachoke. Ine ndinali pakhonde lathu ndikutong'ola chimanga, wailesi yathu ya magetsi ikuyankhula m'nyumba. A Bato ankawaza nkhuni pambali pa nyumba yawo. Ndinamva windo likutsekuka mwamphamvu, kenako mawu a amayi, akukuwa mwanjira imene ndinali ndisanaimvepo.

"Alamu! Thamangani, akupita!"

A Bato anaponya nkhwangwa. Anathamanga, ndipo sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga chotero. Koma sanalowere kuchitseko. Anadutsa pabwalo, kulumpha chingwe, kuzungulira khola, n'kusowa mu nkhungu. Ndinamva akukoka chingwe cholizira. Inakana. Anakokanso, inalira.

Wailesi yathu inali ikuyankhulabe.

Ndinakhala chigwirire chisononkho, osamvetsa. Patapita kanthawi, m'nyumba muja munatuluka kulira kwa amayi. Azimayi anayamba kutuluka m'makomo, akumanga nsalu ali m'njira. Kulira kunakula, ndipo pansi pa kulirako jenereta inkangolirabe mawu ake amodzimodzi. Amene anakhalapo pafupi ndi jenereta akudziwa kuti pamenepo sumva kanthu, ngakhale wina akuitane dzina. Amene anatsikirako anali amalume, a Rafaelo, mlongo wawo wa amayi ndi malemu. Akuti anawapeza a Bato atanjuta, dzanja lili pa thanki, maso ali pa chingwe. Amalume anangotambasula dzanja n'kuzimitsa. Itakhala chete, ndi pamene kulira kunawafika a Bato.

Maliro asanatuluke n'komwe, nkhani inali itayenda. Ankati mkamwini wa ku Mphunzi anathawa mkazi wake akutsirizika. Kuchigayo ndinamva mayi wina akuti analiza dala jeneretayo kuti asamve kuitana. Wina anati pali zimene ankadziwa, munthu sathawa popanda chifukwa. A Bato anadziyankhira kamodzi kokha, kwa amalume, tsiku lometa.

"Ndinkayesa akunena magetsi."

Amayi anali pomwepo. "Magetsi ake ati? Getsi linkayaka pamutu panga. Mkulu wanga watsirizikira m'manja mwanga, maso ali kuchitseko, mwamuna wake akusisita chitsulo."

A Bato anaweramitsa mutu. Mkamwini sakangana ndi eni mudzi, makamaka manda akadali auwisi.

Tsiku lina tikutsuka mbale ndinayesa kuyambitsa. "Amayi, koma mawu munakuwa aja, si omwe aja munkakuwa masiku onse?"

"Bernadetta, tsuka mbale."

Ndinatsuka mbale.

Masisitere anatumiza galimoto kudzatenga makina a mpweya, chifukwa kunali wodwala wina ku Chongoni. Tonse tinkayesa kuti jenereta nayo ipuma. Sinapume. Magetsi akangopita, kaya ndi mmawa kaya ndi madzulo, tinkamva mapazi pabwalo, kenako kukoka kuja, kenako kulira. Chingwe chakuda chinali chikulowabe pawindo lomwe lija. Kumapeto kwake a Bato anamangirirako getsi limodzi, n'kulipachika pamsomali pamwamba pa bedi. Mudzi wonse ukakhala mbuu ndi nkhungu, windo la chipinda cha malemu lokha linkawala. Azimayi opita kumjigo anasiya njira yodutsa pamenepo, anayamba kuzungulira kumunda. Ana ankauzana kuti ukayandikira windolo umamva munthu akupuma.

Ine ndinkatumidwa kukawasiyira ndiwo, poti ngakhale amayi anali okwiya sakanalola kuti mlamu wawo agone ndi njala anthu akuona. Tsiku lina ndinawapeza kukashedi, akutsuka pulagi ya injini ya jenereta ndi kaburashi ka mswachi wakale. Ndinaika mbale pa njerwa. Sindinafunse kanthu, ndipo mwina n'chifukwa chake anayankhula.

"Ikakhalitsa osalira, petulo amauma m'kati. Imafa."

"Eya, bambo aakulu."

Anauzira pulagi ija, n'kuiyang'ana kudzuwa. "Bodza limenelo, Bena. Ndimauza anthu choncho. Miyendoyi imanyamuka yokha. Ndimazindikira ndafika kale kuno."

Kenako anati, "Ana aja akamakuwa kuti abwera, iwe umamva bwanji?"

Ndinatembenuka kuti ndizipita. Anandiuza kuti ndithokoze amayi chifukwa cha ndiwo.

Kwathu kuno mkazi akamwalira, pakapita miyezi abale a mbali zonse amakumana kuti amusudzule mwamuna. Amamuuza kuti maliro atha, ndi womasuka, akhoza kubwerera kwawo. Ngati pali ana, kapena ngati anakhala bwino ndi anthu, eni mbumba amatha kunena kuti akhale, nyumba ndi yake mpaka imfa. A Bato ana analibe. Ku Mphunzi makolo awo anatha kale, minda inagawidwa, ndipo amene akuwadziwa kumeneko ndi mng'ono wawo yekha, a Zikhalo. Zawo zonse zinali kuno: nyumba, mapichesi amene anabzala okha, ndi manda amene ankakalambula Loweruka lililonse. Amalume sankafuna kuwachotsa, koma pa mbumba yathu mawu a amayi ndi olemera, ndipo amayi anali atanena kale.

"Achimwene, ine sindingakhale ndi chinthu chija. Ndikachimva chikulira ndimaona maso a mkulu wanga akufunafuna kuchitseko. Apite nacho kwawo."

Anakumana mu Januwale, Lachisanu masana. Kunja kunali kutada ndi mitambo ya mvula, ndiye anakhala m'nyumba mwa a Bato, pabalaza, getsi likuyaka. Amalume ndi a Zikhalo anakhala pamipando. Amayi ndi azimayi ena awiri a pamtundu pathu anakhala pamphasa. A Bato anakhala pakampando kafupi pafupi ndi chitseko, chipewa pamaondo, monga amakhalira kutchalitchi. Ine ndinkathira tiyi. Pakona ndinaona thumba la zovala lomanga kale, makasu awiri, ndi chikwanje chokulunga m'chiguduli.

A Zikhalo anaona kumene ndinkayang'ana. "Akulu angawa ndi opupuluma," anatero, akuyesa kuseka. "Mlandu usanazengedwe, iwo alowa kale m'ndende."

Palibe anaseka. Amalume anayamba ndi pemphero, kenako anayankhula mozungulira monga amachitira akuluakulu. Anayamikira a Bato kuti anamanga nyumba, kuti sanamenyepo mkazi, kuti anadwazika matenda. Anafunsa ngati ali ndi mawu.

"Ochepa, alamu," a Bato anatero. "Ziwiya zonse ndi za pano. Jenereta nayonso itsale, mwina wina adzadwala. Kwathu ku Mphunzi magetsi kulibe. Ilibe woti izimudikira kumeneko."

"Itsale ya chiyani?" amayi analowerera. "Ine ndanena kuti..."

Kunja kunang'anima. Getsi la padenga linaphethira, linafiira ngati khala, linawalanso, n'kuyambanso kufiira. Amayi anakweza maso, ndipo mosaganiza, monga munthu aliyense wa kuno akanachitira, anati:

"Aa, akupita."

Kampando kanagwa. Chipewa chinagubuduka mpaka pamphasa. Tisanadziwe chimene chachitika, a Bato anali atatuluka, chitseko chili pululu, ndipo tinawaona akudutsa pabwalo mvula itayamba kudontha, munthu wa imvi akuthamanga ngati wapsa moto, kulumpha chingwe, kuzungulira khola. Getsi linazima. Tinakhala mu kamdima, osayang'anana. Kenako tinamva kukoka kuja, kenako kulira, ndipo pansi pa chitseko cha kuchipinda cha malemu panatuluka kamzere ka kuwala.

A Zikhalo anatola chipewa, n'kuchisasa pang'onopang'ono. Mmodzi wa azimayi aja anachita chizindikiro cha mtanda.

Amayi anali atagwira pakamwa. Ndinawaona milomo ikuyenda kuseri kwa zala, akubwereza mawu awo omwe, kuwalawa ngati chinthu chimene adya zaka zonse osadziwa kuti muli fupa.

"Ndati chiyani?" anafunsa, osayang'ana munthu.

"Mwati akupita, alongo," amalume anayankha motsitsa.

Amayi anadzuka. Sanafunde kanthu kumutu. Ndinatenga ambulera kuseri kwa chitseko n'kuwatsatira, koma ankayenda msanga moti mvula inawanyowetsabe. Kukashedi tinawapeza a Bato atanjuta, dzanja pa thanki, madzi a palata akuwadonthera pamsana. Atationa anachita manyazi, n'kuyesa kuimirira.

"Zimitsani, alamu!" amayi anakuwa.

Sanamve. Amayi analoza. A Bato anayang'ana kuwindo lowala lija kaye, kenako anazimitsa. Panatsala phokoso la mvula palata ndi fungo la petulo.

"Pepani," anatero. "Ndasokoneza msonkhano."

"Khalani chete, ndiyankhule ine." Amayi anapukuta madzi kumaso ndi nsonga ya nsalu. "Tsiku lija, nditakuwa, ndinabwerera pabedi. Anali akuyang'ana kuchitseko, zoona. Kenako ichi chinalira. Anatembenuza mutu, kusiya chitseko, kuyang'ana kuwindo. Ine ndinati, mwamuna wanu wapenga, ndikukamutenga. Anandigwira dzanja."

A Bato sankaphethira.

"Anati, 'Asiye. Akundiyatsira.' Anamvetsera pang'ono, ndiye anati, 'Lero yalira msanga.' Basi. Sanayankhulenso."

Ndinaona mapewa otambalala aja akutsika. A Bato anakhala pansi, pamatope pomwepo, n'kutsamira mzati wa kashedi.

"Yalira msanga," anabwereza.

"Ndinkati ndi kubwebweta kwa munthu wotsirizika," amayi anatero. "Ndiponso ndinali nditakwiya. Ndikadali wokwiya, alamu, musaganize kuti zatha. Munayenera kukhala pamene paja, osati ine ndekha."

"Ndinayenera."

"Dzukani, mukunyowetsa buluku. Akuchapirani ndani?"

Titabwerera m'nyumba, amalume anamaliza mwambo monga uyenera kukhalira. Anawauza a Bato kuti maliro atha, awasudzula, ndi omasuka. Kenako anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana kukhoma n'kunena kuti dimba lakumunsi libwerere ku mbumba, koma nyumba ndi mapichesi palibe amene akuzifuna, ndipo thumba lili pakonalo limasulidwe chifukwa likuipitsa pabalaza. A Zikhalo anagona kwathu, n'kubwerera ku Mphunzi mmawa mwake okha.

A Bato alipo mpaka lero. Akalamba pang'ono, ndipo kukoka chingwe kwayamba kuwapweteka phewa. Anthu anasiya kuzungulira kumunda. Ena amabwera ndi mafoni awo kudzatchaja magetsi akachedwa kubwera, ndipo a Bato amawalandira pakhonde. Koma chingwe chakuda chija sanachisunthe, chikulowabe pawindo lomwelo, ndipo chipindacho sagonamo munthu. Amayi anga mawu aja anawasiya. Pamudzi ponse ndi okhawo amene amati, "Magetsi azima," kutchula dzina lonse bwinobwino, ndipo mwana akakuwa mwanjira inayo pakhomo pathu amamudzudzula osamuuza chifukwa.

Chimene sindinauzepo munthu ndi chimene ndimaona ndili pakhonde lathu magetsi akamabwera. Ana amayamba kukuwa kumsika, mawuwo n'kumakwera phiri khomo ndi khomo mpaka kufika kwathu. Pamene pali a Bato sangawamve, jenereta ikulira. Amadziwira mawindo a anthu akayamba kuwala. Ndiye amazimitsa, ndipo m'kachetechete kameneko mawu otsiriza a ana amawapeza: "Abweraaa!"

Samapita kunyumba nthawi yomweyo. Amaimirira, kuvula chipewa, n'kutembenukira ku kanjira kochokera kumanda, kamene kamadutsa pakati pa mitengo ya paini. Amayang'ana kumeneko mpaka ana atakhala chete. Kenako amavundikira jenereta ndi chiguduli kuti isazizidwe.